NDANI ADZALAMULA KOMPYUTA YA MAWA?

Pa 14 October 2025 kampani ya Microsoft ya ku America inaleka kusamalira Windows 10, pulogalamu imene inayendetsa makompyuta miyandamiyanda kwa zaka khumi. Tsiku limenelo panalibe makina amene anapsa kapena kusweka, ndipo m'mawa mwake onse anayaka monga mwa masiku onse. Koma kuyambira pamenepo, mbala za pa intaneti zikapeza ciboo catsopano m'pulogalamuyo, eni ake sacitsekanso, kupatulapo kwa iwo amene analembetsa nthawi yoonjezera. Motero munthu amene anagula kompyuta ndi thukuta lake anauzidwa ndi anthu a kutali kuti makina ake akalamba.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, nkofunika kudziwa kuti m'kompyuta iri yonse muli pulogalamu imodzi yaikulu imene iri ngati kapitao pa nchito. Ndiyo imagawa malo osungira zinthu, kulondolera mapulogalamu ena onse, ndi kumva zimene munthu walamula. Windows, macOS, Linux ndi Android onsewa ndi akapitao otere. Amene ali ndi kapitao m'manja mwake ndiye amalamula munda, ngakhale makasu atakhala a munthu wina.

Kampani ya IBM inaphunzira zimenezi mocedwa. M'caka ca 1981 inatulutsa kompyuta yake yaing'ono ya pa tebulo, ndipo pokhala inali pa cangu, inapempha kakampani ka Bill Gates kuti kaipezere pulogalamu yoyendetsera. A Gates analibe yawoyawo. Anagula ya eni ake ku Seattle Computer Products, naikonza, koma pa pangano lawo ndi IBM anasunga ufulu wakuigulitsanso kwa ena pa dzina la MS-DOS. Posakhalitsa Compaq ndi makampani ena anayamba kupanga makina ofanana ndi a IBM pa mtengo wotsika, ndipo onsewo anali kulipira msonkho kwa Microsoft. IBM inayesa kudzipulumutsa ndi OS/2 mu 1987, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Mu 2005 inagulitsa nchito yake yonse ya makompyuta aang'ono kwa Lenovo ya ku China.

Kodi Windows inapambana cifukwa cakuti inali yoposa zonse? Anthu ambiri odziwa za makina amakana. Macintosh ya Apple inali kale ndi zithunzi zolozera mu 1984, pamene Windows yoyamba inatuluka mu 1985 iri yosalongosoka. Cinsinsi cinali cakuti olemba mapulogalamu amalembera kumene kuli ogula ambiri, ndipo ogula nawonso amathamangira kumene kuli mapulogalamu ambiri. Gudumu lotere likayamba kuzungulira, nkovuta kuliimitsa. Boma la America linayesa mu 1998 pamene linatengera Microsoft ku khoti. Woweruza analamula mu 2000 kuti kampaniyo igawidwe pawiri, koma khoti la apilo linafafaniza cigamulo cimeneco mu 2001. Bungwe la maiko a ku Ulaya linailipitsa mayuro 497 miliyoni mu 2004. Windows inakhalabe pa mpando wake.

Cimene makhoti analephera cinacitidwa ndi kanthu kolowa m'thumba. iPhone inatuluka mu 2007, Android ya Google mu 2008, ndipo m'zaka zowerengeka anthu ambiri pa dziko lapansi anayamba kulowa pa intaneti ndi foni, ena asanakhudzeko kompyuta cibadwire. Microsoft inagula nchito ya mafoni ya Nokia mu 2014, nitayapo ndalama zambirimbiri, ndipo potsiriza inasiya mpikisanowo. Pamenepo alosi anayamba kulengeza maliro a kompyuta ya pa tebulo. Anafulumira kukumba manda. Foni njabwino powerenga nkhani ndi kutumiza ndalama, koma wowerengera cuma ca kampani, wojambula mapulani a mlatho, kapena wophunzira amene akulemba masamba zana pa yunivesite sangagwire nchito yake ndi zala ziwiri pa kagalasi. Kompyuta idzakhalapobe monga khasu la m'ofesi. Funso lenileni ndi lakuti adzanena ndani kuti khasulo latha.

Windows 11, imene inatuluka mu 2021, imafuna kuti m'makina mukhale kacipangizo ka citetezo kochedwa TPM 2.0, ndipo imakana makina ambiri opangidwa caka ca 2018 cisanafike. A Microsoft ali ndi mfundo yawo, ndipo si yopanda pake. Mu May 2017 pulogalamu yoipa ya WannaCry inalowa m'makompyuta osakonzedwa m'maiko oposa zana, ndipo zipatala zina za ku Britain zinabweza odwala pa khomo. Palibe kampani ingasoke zigamba pa covala cimodzi mpaka muyaya. Komabe nkosabisika kuti lamulo limeneli likomera ogulitsa makina atsopano, amene tsopano akunyengerera anthu ndi makompyuta a AI. Makina amoyo, otha kulemba kalata ndi kuwerengera malipiro bwino lomwe, akuyesedwa zinyalala cifukwa ca mau olembedwa mu ofesi ya ku Redmond.

Apa mpamene nkhaniyi ifika pa khomo la Zambia. Makompyuta ambiri m'masukulu ndi m'maofesi aang'ono ngogwiritsidwapo kale nchito, ocokera ku Ulaya ndi kwina. Makolo sanaiwale caka ca 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba kwa nthawi yoyamba mayeso a kompyuta, ndipo m'masukulu ena analemba mpaka usiku cifukwa cakusinthana makina ocepa. Sukulu yotere, imene inapeza makompyuta ake mobvutikira, singawataye cifukwa cakuti kapitao wake wapuma pa nchito. Ikapitiriza ndi Windows 10 yosasamalidwa, ikhala ngati nyumba yogona anthu citseko ciri pululu.

Njira ina iripo. Mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa ku Helsinki, anayamba kulemba Linux naipereka kwa ali yense kuti aione, aikonze ndi kuigawa. Mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa mtundu wake wosabvuta kugwiritsa nchito, naupatsa dzina la Ubuntu, liu limene m'Cinyanja ndi umunthu. Pofika mu 2017 makompyuta onse 500 amphamvu koposa pa dziko lapansi anali kuyendera Linux, ndipo Android nayonso inamangidwa pa maziko ake. Linux safunsa za TPM, ndipo imayenda pa makina a zaka khumi.

Tsono amene amaitamanda ngati mankhwala a matenda onse ayenera kukumbukira mzinda wa Munich ku Germany. Unasamutsira makompyuta ake zikwizikwi ku Linux, koma mu 2017 makhansala anabvota kuti abwerere ku Windows, ena akudandaula za mapulogalamu osagwirizana, ena akunena kuti zinali ndale cabe. Pulogalamu ingakhale yaulere, koma mphunzitsi wa anchito ndi mmisiri wokonza amafuna malipiro. Ngakhale ziri tero, cigawo ca Schleswig-Holstein m'dziko lomwelo cinalengeza mu 2024 kuti cisamutsa makompyuta ngati 30,000, ndipo cifukwa cake cacikulu cinali cakuti boma lisamadalire kampani imodzi yakunja.

Mantha amenewo ali ndi maziko. Mu 2019 boma la America linaletsa makampani ake kucita malonda ndi Huawei, ndipo mafoni atsopano a kampaniyo anamanidwa mapulogalamu a Google. Huawei inali ndi cuma cokwanira kudzimangira HarmonyOS, ndipo mu 2025 inaiika ndi m'makompyuta omwe. Maiko osauka alibe mphamvu yotere. Palinso ngozi ya mbeu imodzi m'munda wonse, imene mlimi ali yense wa cimanga aidziwa. Mu July 2024 kulakwitsa kumodzi kwa kampani ya citetezo ya CrowdStrike kunagwetsa makompyuta a Windows okwana 8.5 miliyoni, ndipo ndege zinaima, mabanki ndi zipatala zinasokonezeka.

Cotero iwo amene amagulira boma ndi masukulu makompyuta ayenera kusintha mafunso awo. Asanafunse mtengo, afunse kuti pulogalamuyo idzasamalidwa zaka zingati, ndiponso ngati makinawo angalandire kapitao wina woyambayo akacoka. Makalata a boma asungidwe mu mpangidwe wotseguka, monga OpenDocument umene unabvomerezedwa ndi bungwe la ISO mu 2006, kuti kaundula wa malo kapena wa penshoni asakhale mkaidi wa kampani iri yonse. Ana nawonso aphunzitsidwe nchito yeniyeni, kulemba, kuwerengera ndi kusunga zinthu, osangoti kuloweza pamene pali batani la kampani yakutiyakuti, pakuti batanilo lidzasuntha iwo asanatsirize sukulu.

Ndipo asanalembe kalata yopempha makina atsopano, a hedimasitala ayambe ayesa Linux pa makompyuta awiri kapena atatu a m'kalasi, aone ngati makina osindikizira agwirizana nayo ndi ngati zofunika pa mayeso zitheka. Ndalama yotumizira mphunzitsi mmodzi ku maphunziro a masabata ocepa njocepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo wa makompyuta makumi awiri atsopano.