Tilipira mtunda, koma ulemu sitigula

Nthawi ili cha m'ma 6 koloko madzulo, mwaweruka, mwaima pasiteji ku Limbe kapena ku Old Town mu Lilongwe. Minibasi ikuchedwa kudzaza. Pambali paima Sienta, dalaivala akukuwa kuti kwatsala awiri okha anyamuke. Mtengo ndi wokwererapo, koma ambirife timakwera basi. Tikufuna tikafike kusanade kwambiri.

Ndiye wina asamanene kuti okwerafe sitifuna kulipira. Timalipira. Mvula ikagwa timawonjezera. Usiku timahaya takisi yonse kuti ikatitule pageti penipeni, osati pamsewu pomwe tiyendenso wapansi mumdima. Mchimwene wathu atha kutsikira pasiteji n'kuyenda osaganiza kawiri. Ife timawerengera ndalama ina yapadera yongogulira mtendere wamumtima. Ndalama imeneyi sitiilemba pabajeti, koma pakutha pa mwezi imakhala itadya ndiwo.

Funso lathu, achemwali, ndi lakuti: tikalipira chonchi, tikulandira chiyani?

Sienta ili ndi mipando ya anthu 7, kuphatikizapo dalaivala. Tonse tikudziwa kuti mumalowa oposa pamenepo. Mtsikana ndi amene amauzidwa kuti "sunthani pang'ono asisi", mpaka kupanikizika pakati pa abambo awiri, kapena kugawana mpando wakutsogolo, giya ikugunda mwendo. Wina akuyika dzanja pomwe sipake, ukadandaula ayamba kukuseka kuti ugule yako galimoto. Mtengo umasintha mukafika, chenji chimasowa, dalaivala akupempha nambala ya foni ngati ndi gawo la malipiro.

Mbali ya madalaivala tikuimva. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, matayala ndi zipangizo zagalimoto zidakwera. Mafuta akasowa amagona pamzere, ndipo ambiri galimoto si yawo, bwana akudikira ndalama yake madzulo. Choncho mtengo ukakwera pazifukwa zomveka, sitikana.

Koma tisiyanitse zinthu ziwiri. Pali zomwe munthu angawonjezere ndalama ngati akufuna: kufika msanga, kukatulidwa pakhomo, kukwera wekha, galimoto yatsopano. Izi n'zogula, ali nazo agule. Ndiye pali zina zosagulitsa: mpando wako wekha, dalaivala wosaledzera, mabuleki ogwira, mtengo wodziwika usanakwere, ndi thupi lako kusakhudzidwa. Tikavomera kuti izi ndi za okhawo olipira zambiri, ndiye kuti tanena kuti mtsikana wogulitsa mushopu, wophunzira wa pakoleji kapena mayi wa geni kumsika alibe ufulu wofika kwawo bwinobwino. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana, kaya ndi zamawu kaya ndi zogwiragwira, ndipo silinati likalowa mutakisi limasiya kugwira ntchito.

Mphamvu tili nayo, ili m'chikwama mwathumo. Tifunse mtengo tisanakwere. Galimoto ikadzaza, tikane kuwonjezedwa, ngakhale titachedwa ndi mphindi khumi. Tijambule nambala ya galimoto n'kutumizira mnzathu pa WhatsApp, makamaka usiku. Dalaivala waulemu timusunge nambala, tigawane m'magulu mwathu, adye ndalama yathu iyeyo. Ndipo mnzathu akamachitidwa chipongwe, tisayang'ane pawindo ngati sitikumva. Mawu amodzi oti "musiyeni" amasintha zinthu m'galimoto monse.

Kwa eni matakisi ndi atsogoleri a m'masiteji: matani mitengo poonekera, dziwani madalaivala anu, ikani nambala yoti munthu akadandauleko. Apolisi apamsewu, galimoto yodzaza mopitirira mumaiona, isamangodutsa.

Tiuzeni m'munsimu: mumayenda njira iti, ndipo n'chiyani chomwe mungalolere kuwonjezerapo ndalama? N'chiyani chomwe simuyenera kulipira n'komwe?