Chitsamba chokonda mchere: kodi chingapulumutse ziweto?

Kumadzulo kwa Australia alimi adagwetsa mitengo ya mizu yozama kuti adzale tirigu. Popeza panalibenso mizu yomwa madzi apansi, madziwo adakwera pang'onopang'ono atatenga mchere, minda n'kuyera kuti mbuu. M'minda yotereyi ndi momwe lero amadzalamo Atriplex nummularia, chitsamba cha masamba otuwa chomwe chidafalikiranso ku Karoo ku South Africa, ku Morocco ndi ku Tunisia.

Ochiyamikira sakunama. Chimamera pomwe udzu wakana, ndipo dzuwa likaphwetsa dambo lonse icho chimakhalabe ndi masamba. Masambawo ali ndi mapuloteni ambiri komanso vitamini E, zomwe zimasowa mu udzu wouma. Mu 2014 bungwe lofufuza la CSIRO lidatulutsa mtundu wake wotchedwa Anameka, womwe adausankha poona kuti nkhosa zimaukonda ndipo umagayika bwino m'mimba. Kwa mlimi amene munda wake udafa ndi mchere, kuonanso nkhosa zikudyamo si chinthu chaching'ono.

Vuto lili pa chomwecho chimene chimachipatsa moyo. Mchere womwe chimayamwa m'nthaka chimausunga m'masamba, moti ukawaumitsa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi limatha kukhala mchere. Nkhosa ikadya imagwidwa ndi ludzu, imamwa madzi ochuluka kuposa masiku onse, ndipo mchere ukachuluka imaleka kudya isanakhute. Mphamvu yonenepetsa ndi yochepanso. Chitsambachi ndi ndiwo, osati nsima: pambali pake pamafunika udzu wouma, mapesi kapena madeya. Apa m'pamene ndimadandaula ndi ochilalikira ngati mankhwala a chilala. Nanga kudera komwe mayi amayenda mtunda wautali kukatunga madzi akumwa, madzi owonjezera a ziwetowo achokera kuti?

Palinso mantha a mbewu yachilendo. Ku South Africa chitsambachi chili pa mndandanda wa zomera zolanda malo, ndipo anthu a ku Baringo ku Kenya akulirabe ndi mtengo wa Prosopis, womwe udabwera ngati thandizo koma udatseka msipu n'kuwononga mano a mbuzi.

Kwathu kuno funsoli likukhudza Chigwa cha Shire. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje ng'ombe ndi mbuzi n'zambiri, msipu umatha miyezi yotentha, ndipo mijigo ina imatulutsa madzi amchere. Wina anganene kuti kumeneko ndiye kwawo kwa chitsambachi. Ine ndikuti kumeneko ndiye kofunika kusamala kwambiri, chifukwa chiweto chodya mchere n'kumamwanso madzi amchere sichingalimbe.

Akatswiri athu a zaulimi ayambe achiyesa pa malo aang'ono otchingidwa, pomwe pali madzi abwino, asanapatse mlimi mbande ngakhale imodzi.