Kucepetsa Liwiro la Intaneti ya Panyumba: Mlandu Uli pa Kusauza Wogula

Anthu a ku Nyimba, Petauke, Katete ndi Chipata akatsika basi pa Intercity mu Lusaka, ambiri a iwo amalunjika ku Kamwala kukaoda zitenje, nsapato, mapoto ndi katundu wina wokagulitsa kwao. M'zaka zino pa katunduyo paonjezeka kanthu kena: kabokosi ka rauta, kamene kamalowetsa intaneti m'nyumba kuti banja lonse, sitolo kapena sukulu zigwiritse nchito pamodzi. Wogula amakopeka ndi liu la Cizungu lakuti "unlimited", limene limalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pa zikwangwani, ndipo tanthauzo lace ndi lakuti yopanda malire. Koma mwezi usanathe, m'nyumba zambiri za ku Matero, Kanyama ndi Mtendere mumamveka dandaulo limodzimodzi: kabokosi kakuyaka, ndalama zinalipidwa, koma cithunzi cimodzi cikutenga nthawi yofikitsa madzi pamoto kuti cioneke.

Nthawi zambiri makina sakhala ataonongeka. Mabandulo ambiri ochedwa opanda malire ali ndi lamulo lolembedwa m'zilembo zing'onozing'ono, lakuti munthu akafika pa muyeso wakutiwakuti, kampani idzamucepetsera liwiro kufikira atalipiranso. Uku ndiko kucepetsa kwa mtundu woyamba, koyang'ana kuculuka kwa zimene munthu watsitsa. Pali kwa mtundu waciwiri, kumene ndi kobisika kwambiri. Apa kampani imayang'ana mtundu wa nchito imene munthu akucita, niicedwetsa nchito ina n'kusiya inzace ikuthamanga. Pa dziko lonse lapansi, imodzi mwa nchito zimene zapanikizidwa kwambiri mwa njira iyi ndi kugawana mafayilo pakati pa anthu okhaokha.

Mwa nthawi zonse, munthu akafuna nyimbo kapena buku pa intaneti, kompyuta yace imakapempha ku kompyuta imodzi yaikulu ya kampani, monga mmene alimi a dera lonse amakafolera feteleza pa depoti imodzi. Kugawana kwa anthu okhaokha kufanana ndi mmene amai a m'mudzi amapatsirana mbeu ya maungu kapena ya nyemba: amene walandira lero ndiye adzapatse mnzace mawa, popanda depoti. Njira yochuka ya mtundu uwu ndi BitTorrent, imene inapangidwa ndi Bram Cohen wa ku America mu 2001. Fayilo imadulidwa tizidutswa tambirimbiri, ndipo kompyuta iriyonse imene yalandira kacidutswa imayamba pomwepo kukatumiza kwa ena, kwinaku ikulandira totsala. Anthu akaculuka, fayilo imafika msanga.

Anyamata a m'timisasa ta ku Kamwala ndi m'misika ya m'makomboni, amene amaika nyimbo ndi mafilimu pa memori khadi, amadziwa mbali ina ya nkhaniyi. Kupatsirana kwa foni ndi foni inzace pa Bluetooth kapena pa Xender sikudutsa m'makina a kampani, motero palibe amene angakucedwetse. Komabe filimu yoyambayo iyenera kucokera kwina, ndipo imabwera kudzera pa rauta yosiyidwa ikuyaka usiku wonse.

Makampani ali nazo zifukwa zao, ndipo si zonse zimene ziri zabodza. Zambia alibe nyanja. Kucokera pamene ZAMNET, yobadwira pa University of Zambia, inalumikiza dziko lino ku intaneti mu 1994, njira yotulukira kunja yakhala yodula. Lero uthenga umayenda m'zingwe zodutsa m'maiko oyandikana nawo monga Namibia ndi Tanzania, kukakumana ndi zingwe za pansi pa nyanja monga EASSy ya mu 2010 ndi WACS ya mu 2012, ndipo malo m'zingwe zimenezo amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kuonjezera apo, nsanja imodzi ya mafoni imagawira mphamvu yace kwa onse amene aizungulira. Wowerenga nkhani amatenga pang'ono n'kupumula, koma kompyuta yogawana mafayilo siipumula. Imalandira ndi kutumiza usana ndi usiku.

Aliyense amene anaimapo pa mzere wa pa mpopi wa madzi ku George kapena ku Chawama angamvetse. Pakabwera munthu ndi migolo isanu m'mamawa, amai a zidebe amacedwa. Woyang'anira mpopi akanena kuti pa nthawi ya mzere munthu aliyense atunge zigubu ziwiri zokha, palibe amene angamutsutse, pakuti lamulolo lanenedwa poyera ndipo lagwera onse. Koma zingakhale zina ngati woyang'anirayo ayamba kusuzumira m'nyumba za anthu kuti adziwe amene akufuna madzi ofululira mowa, ndiyeno wotereyo akafika n'kumupotolera mpopi mwakacetecete, kwinaku akulandira ndalama yonse ndi kulumbira kuti madzi ndiwo acepa okha.

Izi ndizo zinacitika ku America mu 2007. Katswiri wina wa makompyuta, Robb Topolski, anaona kuti nyimbo zakale zimene anali kugawana ndi anzace, zosaletsedwa ndi lamulo liri lonse, sizinali kutuluka m'kompyuta yace. Atafufuza anapeza kuti kampani yaikulu ya Comcast inali kuponya mauthenga onamizira pakati pa makompyuta awiri, kotero kuti iriyonse inkaganiza kuti inzace ndiyo yadula kulankhulana. Mu October caka comweco atolankhani a Associated Press anayesa okha potumizirana Baibulo la King James, buku limene aliyense ali ndi ufulu wolikopera, ndipo nalonso linatsekerezedwa panjira. Poyamba kampaniyo inakana kuti siitsekereza kanthu. Pambuyo pace inati imangocedwetsa.

Mu August 2008 bungwe la FCC, loyang'anira za mtokoma m'dzikolo, linagamula mwa mavoti atatu kwa awiri kuti Comcast inalakwa, ndipo linailamula kusiya ndi kuulula njira zace. Mu 2009 kampaniyo inavomera kupatula madola 16 miliyoni kuti ithetse mlandu umene makasitomala anaisumira, ngakhale kuti munthu mmodzi sakanalandira koposa madola 16. Koma cofunika kwambiri ndi cimene inacita pa makina ace: pofika kumapeto kwa 2008 inasiya kusankha mtundu wa uthenga, niyamba kucedwetsa kwa kanthawi okhawo amene akutsitsa zambiri pa nthawi imene njira yadzaza, kaya akucita ciani. Intaneti siinagwe. Zinaoneka poyera kuti vuto la kudzaza lingathe kuthetsedwa popanda kusuzumira m'nyumba.

Za malamulo a ku America pambuyo pace palibe cotengerapo, pakuti akhala ngati khasu lobwerekana. Khoti linafafaniza cigamulo ca FCC mu 2010. Malamulo oletsa tsankho pa intaneti anaikidwa mu 2015, nacotsedwa mu 2017, nabwezedwa mu 2024, ndipo khoti linawagwetsanso mu January 2025. Maiko a mu European Union ndiwo anakhazikika: lamulo lao la mu 2015 limalola kampani kuwongolera mayendedwe a uthenga pamene njira yadzaza, koma limaletsa kucedwetsa nchito ina pofuna phindu, ndipo limafuna kuti pangano la wogula linene momveka liwiro limene adzalandira.

Pali ena amene amati ogawana mafayilo ndi akuba, motero kuwacedwetsa n'kowayenera. Mau awa ali ndi mbali yoona. Oimba a dziko lino ataya ndalama zambiri cifukwa ca anthu okopera nyimbo zao popanda cilolezo, ndipo lamulo la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994 linaikidwa kuti liwateteze. Koma makina ocedwetsa sadziwa kusiyanitsa filimu yobedwa ndi Baibulo. Amangoona njira imene katunduyo wadzera. M'njira yomweyo mumadutsa mapulogalamu aulere a Linux, ndi makope a Wikipedia amene sukulu zopanda intaneti zingasunge pa kompyuta kuti ana aziwerenga. Ngakhale Windows, kuyambira mu 2015, imatha kupatsirana zokonzera zace pakati pa makompyuta. Wakuba ali ndi apolisi ndi makhoti omuyenera. Kampani yogulitsa intaneti siinapatsidwe mpando wa woweruza, ndiponso kucedwetsa wakuba n'kumalandirabe ndalama zace mwezi ndi mwezi sikubwezera woimba ngakhale ngwee imodzi.

Mzika za Zambia ziri ndi cifukwa cina cosayenera kuona nkhaniyi ngati ya anyamata a mafilimu okha. Luso lozindikira mtundu wa uthenga likakhalapo, lingagwiritsidwe nchito pa uthenga uliwonse, kuukondera kapena kuupondereza. Mu July 2014 Zambia anakhala dziko loyamba kulandira Internet.org ya Facebook, kudzera mwa Airtel, imene inkatsegula masamba owerengeka kwaulere. Ambiri anaiyamikira, koma dziko la India linaletsa njira yotere mu 2016 ponena kuti kampani isasankhire anthu zoti awerenge. Mu August 2018 Boma la nthawiyo linalengeza msonkho wa 30 ngwee pa tsiku kwa oimba lamya kudzera pa WhatsApp, Skype ndi Viber, ponena kuti njirazi zikulanda malonda a makampani a mafoni. Anthu anadandaula kwambiri ndipo msonkhowo sunayambe kugwira nchito. Ndiyeno pa 12 August 2021, tsiku la masankho, WhatsApp, Facebook ndi Twitter zinaleka kutseguka pamene masamba ena anali kuyenda. Bungwe la Chapter One Foundation linatengera ZICTA ku Khoti Lalikulu, limene linalamula kuti njirazo zitsegulidwe. Mu 2022 mbali ziwirizi zinagwirizana pamaso pa khoti kuti ZICTA siidzacita kanthu kopitirira mphamvu zace za lamulo kosokoneza intaneti, ndi kuti pakacitika kusokonezeka idzauza anthu cifukwa cace pasanathe maola 36.

Pangano limenelo linamanga bungwe la Boma kuti lizinena zoona msanga. Palibe cifukwa cakuti kampani yolandira ndalama za munthu ipepukidwe kuposa pamenepo. Malamulo oyambirapo alipo kale. ZICTA inakhazikitsidwa ndi lamulo la Information and Communication Technologies Act la mu 2009, limene linaipatsa udindo woteteza ogula, ndipo mu 2018 inalipitsa Airtel, MTN ndi Zamtel ndalama zokwana K12.6 miliyoni pamodzi cifukwa cosafika pa muyeso wa utumiki wabwino. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la mu 2010 limaletsa wamalonda kunena zosoceretsa za katundu wace. Liu lakuti "unlimited" likalembedwa ngati dzanja, muyeso wace n'kulembedwa ngati nyerere ku tsamba limene wogula wa ku Sinda sadzaliona, mabungwe awiriwa ali ndi funso loti afunse. Muyesowo uyenera kuima pambali pa mtengo, m'zilembo zofanana, ndiponso unenedwe pa wailesi m'zinenero za anthu. Kubwera kwa Starlink mu October 2023 kwaonjezera mpikisano, koma mpikisano uthandiza wogula pokhapo ngati adziwa cimene akuyerekeza.

Wogula nayenso asafulumire kuloza cala, pakuti si kucedwa konse kumene kuli kwadala. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ambiri ndipo nsanja za mafoni zinkadalira mabatire ndi majenereta. Nyumba ya kutali ndi nsanja imalandira mphamvu yocepa, ndipo rauta imodzi yogwiridwa ndi mafoni khumi a alendi ndi anansi singathamange. Pali zizindikiro zothandiza kusiyanitsa. Intaneti ikamacedwa madzulo n'kumathamanga m'bandakuca, ndiye kuti nsanja yadzaza. Ikagwa mwadzidzidzi pakati pa mwezi, usana ndi usiku womwe, n'kudzuka tsiku lolipiranso, ndiye kuti muyeso wobisika uja wakwana. Koma ngati masamba ndi mavidiyo akutseguka bwino pamene nchito imodzi yokha ikukwawa nthawi zonse, pamenepo wogula ali ndi cifukwa cofunsira kampani ngati ikusankha.

Mphunzitsi, wasitolo kapena mlembi wa kopaletivu amene wafika pa kauntala ku Kamwala ndi ndalama za gulu afunse, asanalipire, kuti magigabaiti angati ali pa liwiro lonse, liwiro lidzatsika kufika pati akatha, ndi ngati pali nchito zina zimene kampani imazicedwetsa. Wogulitsa akayankha pakamwa pokha, apemphedwe kuonetsa pamene zalembedwa, ndipo lisiti lisungidwe pamodzi ndi mauthenga a pa foni ocokera ku kampani. Dandaulo liyenera kuyamba kuperekedwa ku kampaniyo, ndipo wodandaula alembe tsiku ndi nambala imene apatsidwa. Likapanda kuyankhidwa, ZICTA imalandira madandaulo a ogula pa nambala yaulere ya 7070.