Mwana akamaumba pa kompyuta, samalani maso ake

Makolo anzanga, ana ena masiku ano saumbanso ng'ombe zadothi kudambo, akuumbira pa kompyuta ndi pulogalamu yaulere ya Blender. Musawaletse, ndi luso limenelo.

Akafuna kulemba dzina pa chimene waumba, adine Shift ndi A, asankhe Text, kenako adine Tab n'kulemba.

Koma mukamuona akutikita m'maso, yambani mwaona sikirini. Resolution isiyeni pamene Windows yalemba kuti Recommended. Pa masikirini ambiri a mainchesi 24 imakhala 1920 x 1080. Zilembo zikachepa musaitsitse, zimaoneka mwachimbuuzi. Kwezani Scale ifike 125%.

Pakatha mphindi 20 zilizonse aziyang'ana patali kwa masekondi 20. Mutu ukamawawabe, musazengereze, pitani naye kuchipatala akamuyeze. Kuyambira ndili namwino ndakhala ndikunena: maso alibe sipeya.