Cithunzi Cosalongosoledwa Ndi Phunziro Lobisidwa

Mphunzitsi amene akonzekera kukagwira nchito m'makomboni a Lusaka ayenera kudziwiratu kuti si ana onse adzaona cimene iye apacika pakhoma. Mwina m'kalasi mudzakhala mwana wakhungu. Kawirikawiri mumakhala ana oona mwacimbuuzi, okhala cete kumbuyo popanda wowazindikira. Cikhulupiriro canga ndi cakuti kulongosola cithunzi ndi mawu ndi gawo la kaphunzitsidwe ka Cinyanja, ndipo ndi udindo wa mphunzitsi aliyense.

Ena amati nchito imeneyi ndi ya akatswiri okha. Nzoona kuti akatswiri alipo, ndipo mbiri yawo ndi yaitali. Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anayamba kuphunzitsa akhungu ku Magwero, pafupi ndi Chipata, m'caka ca 1905, ndipo koleji imene lero icedwa ZAMISE inatsegulidwa mu Lusaka mu 1971. Koma cikalata ca boma ca Educating Our Future ca 1996 cinati ana olumala aziphunzira pamodzi ndi anzawo ngati nkotheka, ndipo lamulo la anthu olumala la 2012 linatsimikiza ufulu umenewo. Tero mwana wa ku George kapena ku Mtendere adzafika pakhomo la kalasi yanu. Zilembo za Braille, za timadontho 6, zidzamthandiza kuwerenga mawu, koma cithunzi cidzadikira pakamwa panu.

Taganizirani za kolera. Mliri umene unayamba mu Okutobala 2017 unasautsa Kanyama, Matero ndi Chawama, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa mu Januwale 2018. Mu 2024 ana anakhalanso kunyumba mpaka mu Febuluwale. Macenjezo ambiri a matendawa amabwera m'zithunzi: manja pa pompi, cigubu covundikira, nchenche pa cakudya. Mphunzitsi akakweza cipepala nanena kuti, "Mwaona? Muzicita ngati uyu apa, osati ngati uyo," mwana wosaona wamva phokoso cabe. Koma akati, "Mayi athira lita imodzi ya madzi owiritsa m'botolo, aikamo timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mcere," mwanayo wanyamula nzeru imene ingapulumutse mng'ono wake usiku wina. Mawu onga "ici," "apa" ndi "uko" amafuna diso. Mukawachula, onjezani dzina la cinthuco ndi malo ake.

Kulongosola kwabwino kuli ndi dongosolo. Yambani ndi cinthu conse: "Ici ndi cithunzi ca msika." Mukatero chulani zigawo zake motsatana, kucokera kumanzere kupita kumanja, kapena kucokera pafupi kupita patali, osalumphalumpha. Sankhani zokhudza phunziro lokha. Ngati phunziro ndi la kuwerenga manambala, nenani mmene milu ya tomato yayalidwira, mitundu ya zitenje za ogulitsa muisiye. Yerekezani cacilendo ndi cimene mwanayo anacigwirapo: khutu la njovu ndi lalikulu ngati licero, cigoba ca fulu cili ngati mbale yovundikira. Ngati cinthuco cipezeka, monga mbaula yozizira kapena cinsomba couma, ciikeni m'manja mwake. Musaope kuchula mitundu, pakuti ana ambiri oona pang'ono amaizindikira, ndipo wakhungu nayenso afunika kudziwa kuti nyali yofiira ya pamsewu itanthauza kuima. Cinenero cathu cili ndi mawu ojambula okha: kufiira psuu, kuyera mbee, kuda bii. Cenjerani ndi cinthu cimodzi: musaulule yankho. Ngati funso ndi lakuti, "Kodi mnyamatayu akumva bwanji?" musanene kuti wakwiya, nenani kuti wakwinya nkhope ndipo wafumbata cibakera, kuti mwanayo aganize yekha ngati anzake.

Masiku ano cithunzi calowa m'foni. Aphunzitsi ambiri amajambula zolemba za pabolodi natumiza kwa makolo pa WhatsApp. Munthu wosaona amagwiritsa nchito pulogalamu yowerenga mokweza, monga TalkBack pa foni ya Android kapena NVDA pa kompyuta. Mapulogalamuwa amawerenga bwino mawu otaipidwa, koma coko cojambulidwa pa bolodi lofumbira cimawavuta. Kumbukirani kuti wosaona akhoza kukhala kholo limene lifuna kuthandiza mwana wake. Cotero nchito ya kunyumba itaipeni, ndipo cithunzi ciriconse ciperekezeni ndi ciganizo cimodzi kapena ziwiri zocilongosola. Kuyambira 2016 Facebook imayesa kulongosola yokha zithunzi, ndipo makina otere akupita patsogolo. Komabe makina angathe kunena kuti pali mwana ndi ndowa, koma sadziwa kuti phunziro lanu likunena za ndowa yosavundikira pafupi ndi cimbudzi.

Kutsutsa kwamphamvu ndi kwa nthawi. Cicokereni 2022, pamene boma linacotsa ndalama za sukulu, makalasi a m'makomboni anadzaza, ndipo wina angafunse cifukwa cocedwetsera khamu lonse kaamba ka mwana mmodzi. Yankho ndi lakuti m'kalasi yodzaza ndi ana ocepa okha amene amaona bwino cithunzi ca m'buku limodzi lokwezedwa kutsogolo. Kulongosola kumatenga kamphindi, ndipo kumafika mpaka pa benci lomaliza. Ndiponso nchitoyi mukhoza kugawira ana. Mwana akalongosolera mnzake cithunzi, mnzakeyo namfunsa mafunso, onse awiri akuphunzira kusankha mawu, kutsata dongosolo ndi kumvetsera, zimene ndi maziko a cimangirizo cabwino. Mwana wosaona nayenso apatsidwe mpata wolongosola cimene wakhudza kapena kumva, kuti asamangokhala wolandira.

Mmera mpoyamba. Mukapita kukayesera kuphunzitsa, lembani m'cikonzekero ca phunziro mawu amene mudzanena pa cithunzi ciriconse. Muwerengereni mnzanu atatembenukira kukhoma, ndipo iye ayankhe mafunso a phunzirolo. Akalephera, konzani mawuwo musanalowe m'kalasi.