Njinga Yamoto Yofika ku Ukalamba

Aphunzitsi a m'chigwa chathu cha Domasi, amene ambiri a iwo amayenda mtunda wautali kuchokera kumene akhala kukafika kusukulu zawo, ali ndi funso limene saleka kufunsana mwezi ukamatha, ndilo lakuti: munthu akatenga ngongole kuti agule njinga yamoto, agule yotani kuti njingayo isafe ngongole ikadali moyo? Funsoli si lachibwana, pakuti chiyambire pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa njinga pamodzi ndi zipangizo zake wakwera kotero kuti wogula molakwa sadzakhalanso ndi mwayi wogula kachiwiri.

Kumaiko a azungu nkhani yotere amaiweruza poyang'ana mita yowerenga makilomita, koma kuno mboni imeneyo inatsekedwa pakamwa kalekale. Pitani pa Songani tsiku la msika, muyang'ane njinga za kabaza zimene zandandalika m'mbali mwa msewu wa M3, ndipo mudzapeza kuti pa zambiri kachingwe ka mita kanaduka njinga ikadali yatsopano, ndipo palibe anaona chifukwa cholumikiziranso. Tsono ife ukalamba wa njinga timauyesa ndi madzinja amene yapirira m'matope a njira zotsikira ku Chilwa, ndiponso ndi kuchuluka kwa maulendo amene injini yake yatsekulidwa ndi makaniko.

Poyesa ndi muyeso umenewo, ulemu woyamba ndiupereka kwa Yamaha AG200, imene inapangidwira alimi a ku Australia ndi New Zealand, anthu oyenda m'mabusa ndi m'matope monga ife. Tcheni chake n'chovindikirika, kotero kuti mchenga suchidya. Magiya ake ndi opatsa mphamvu pokwera chitunda osati liwiro. Ndipo m'maonekedwe ilibe chokopa mnyamata aliyense. A bungwe la Riders for Health, amene amanyamula magazi ndi makhololo a odwala kuchokera kuzipatala zing'onozing'ono kupita kumene akayezedwe, akhala akudalira njinga za mtundu umenewu m'maiko angapo a mu Afirika, ndipo mwambo wawo ndi wakuti chipangizo chisinthidwe pa nthawi yake chisanathyoke, wokwera nayenso aione njinga yake m'mawa uliwonse asananyamuke. Mbale wake, DT125, imene akuluakulu amaikumbukira pansi pa alangizi a zaulimi, ndi yolimba ndithu, koma injini yake imapsereza oyilo pamodzi ndi petulo, ndipo mwini wake akalola kathanki ka oyiloyo kuuma tsiku limodzi lokha, pisitoni imagwira. Vuto la ziwirizi n'lodziwika: mtengo wake ndi wa boma ndi mabungwe, si wa mphunzitsi wa pulayimale.

Koma pali injini ina imene mbiri yake iyenera kukambidwa mofatsa, chifukwa ndiyo ikulira m'njinga zambiri za m'chigwa muno, ngakhale eni ake sadziwa kholo lake. M'zaka za m'ma 1970 akatswiri a Honda anayendera maiko osauka kukaona chimene chinali kupha njinga zawo, ndipo anapeza kuti anthu anali kuzisenzetsa katundu woposa muyeso, osasintha oyilo kufikira atada bii, osapitanso kwa makaniko pokhapokha njinga itaima. M'malo mowadzudzula anthuwo, iwo anabwerera ku Japan nakapanga CG125, imene inatuluka mu 1975. Kamtsitsi kotsekula mavalavu, kamene m'njinga zina kamakhala pamwamba pa injini, kumene oyilo wakuda amafika mochedwa, anakatsitsira m'munsi pafupi ndi oyiloyo. Sefa ya mpweya anaipanga ya siponji yoti munthu aichape ndi kuibwezera. Kunena mwachidule, anapanga injini yokhululukira zolakwa za mwini wake, ndipo mafakitale a ku China atayamba kupanga njinga zotsika mtengo, ambiri anatengera injini yomweyi.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya ma Lifo, ma Sanlg, ma Lifan ndi anzawo, amene ambiri amalowa kudzera m'malire a Mozambique. Kapangidwe ka zina mwa izo n'kanzeru za CG zomwe zija, ndiye chifukwa chake makaniko wa pansi pa mtengo wa mango amatha kuimasula ndi kuimanganso dzuwa lisanalowe, chipangizo cha ina n'kulowa pa inzake. Koma chitsulo chake sichifanana, ndipo pa zina masipoko, mawaya a magetsi ndi mabawuti zimayamba kugonja utoto ukadali kunyezimira. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Za ku India, monga Bajaj Boxer ndi TVS, m'kuona kwanga zaima pakati: zimamwa petulo pang'ono, msana wake ndi wolimba, ndipo zikasamalidwa zimakalamba mwaulemu.

Komabe ndingakhale ndikunamiza owerenga ndikati dzina lolembedwa pa thanki ndilo limaweruza mlandu wonse. Njinga zambiri za kabaza mwini wake ndi wina, woyendetsa ndi wina, ndipo mnyamata wolembedwayo, amene ayenera kupereka ndalama yoikika kwa bwana wake madzulo aliwonse, kaya kwagwa mvula kaya okwera asowa, sangachotse pa phindu lake lochepalo kuti agule lita ya oyilo wa njinga imene si yake. Sindimuweruza, wolipidwa sanakhalepo mbusa. Iye adzakweza anthu atatu, adzamangirira matumba a mpunga wa kusikimu kumbuyo, ndipo petulo akasowa m'mafilingi siteshoni adzagula wa m'zigubu, amene nthawi zina amakhala wosakaniza ndi parafini. Bwana naye amati oyilo tisintha sabata yamawa, osakumbuka kuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Njinga yoyenda makilomita 100 pa tsiku m'fumbi la mwezi wa Okutobala imafuna oyilo watsopano pakangotha sabata ziwiri, ndipo ikamanidwa, ngakhale itakhala Yamaha, idzanoka.

Kwa aphunzitsi ofunsa aja, tsono, yankho langa ndi ili. Ngati mwamva kuti bungwe lina likugulitsa AG200 zake zakale, ndipo thumba likulola, thamangirani kumeneko, pakuti njinga yokalamba m'manja osunga mwambo iposa yatsopano yosadziwika chitsulo chake. Ngati thumba likana, gulani Boxer, kapena iliyonse ya injini ya CG imene zipangizo zake zimapezeka mu Zomba ndi ku Liwonde popanda kutumiza munthu ku Limbe, ndipo muiyendetse nokha. Mukamagula yogwirapo kale ntchito, fikani m'mamawa injini isanatenthe, muilize nokha, muone ngati ikutulutsa utsi wabuluu, musolole kamtengo koyezera oyilo muone mtundu wake, ndipo mufunse anthu oyandikana ndi wogulitsayo ngati njingayo inakhalapo pa kabaza.