SAFUNSA ANADYA PHULA

Ku Britain banja limayerekeza mitengo ya magetsi pa intaneti, nilisintha kampani likafuna. Mlimi wa ku Vubwi alibe mwai wotere: kumene mawaya a boma afika, wogulitsa ndi ZESCO, pa mtengo wobvomerezedwa ndi bungwe la ERB.

Cilala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, ambiri anathamangira sola zolipira pang'onopang'ono pa foni. Apa ndiye pofunika nzeru. Malipiro a tsiku amaoneka ocepa, koma mlimi awaonkhetse onse kufikira ngongole itatha, nawayerekeze ndi mtengo wogula kamodzi atagulitsa nshawa. Afunsenso adzakonza ndani batire ikafa. Pakuti ndalama zikasowa m'Januwale, mwezi wa njala, nyali imazimitsidwa ana ali pakati powerenga.